Nkhosa za Kunja kwa Mpanda

Sibella Cutt anabadwira m'nyumba yomwe zenera lake linayang'anizana ndi mpanda, ndipo amene ankamudziwa amati mpandawo ndicho chinthu choyamba chimene anadana nacho pa moyo wake.

Mpanda wa miyala yongosanja popanda dothi, wautali kuposa mwamuna, umazungulira chilumba chonsecho, kumpoto kwenikweni kwa zilumba zozizira za Orkney. Mkati mwake muli anthu, ng'ombe, balere, mbatatesi ndi msipu. Kunja kwake kuli kamzere ka miyala yoterera, nyanja, ndi nkhosa. Makolo anaumanga kalekale atafuna kuti udzu ukhale wa ng'ombe, ndipo chiyambire pamenepo nkhosa za pachilumbapo zimadya ndere zimene nyanja imalavula.

Nkhosa zimenezi sizilabadira dzuwa. Zimatsata nyanja, imene kumeneko imaphwa n'kudzazanso kawiri pa tsiku. Nyanja ikaphwa zimatsika, kaya ndi m'mawa kaya ndi madzulo, kukadya ndere zofiirira zija zazitali ngati malamba. Ikayamba kudzaza zimakwera, kukagona m'munsi mwa mpanda n'kumabzikula. Ndi zing'onozing'ono, za miyendo yoonda, zamantha ngati nyama za kutchire, ndipo siziliralira. Nkhungu ikagwa munthu saziona, amangomva ziboda, kho kho kho pa miyala, ndi kutafuna. Tsiku lina ali kamtsikana, Sibella anakwera pa mulu wa miyala n'kusuzumira kunja. Pansi pake penipeni panali nkhosa yotuwa ikutafuna mwendo wa mbalame yakufa. Inadzutsa mutu, kamwendoko kakulendewera kukamwa, n'kumuyang'ana osaphethira. Mwanayo sanadye tsiku limenelo.

Ana ena akanaziopa. Iye anazimvera chisoni, ndipo chisoni chimenecho sichinamuchoke mpaka imvi. Ankazula udzu n'kumaponya kuseri kwa mpanda.

"Iwe, ukudyetsa ndani?" anafunsa bambo ake atamupezerera.

"Zili ndi njala, bambo. Mpaka kudya mbalame."

"Njala iti? Ukazione mu Disembala namondwe akataya ndere. Zimanona pamene ng'ombe zathu nthiti zili pamtunda."

"Koma zimayang'ana udzu pa mipata ya miyala."

"Nawenso umayang'ana sitima tsiku ndi tsiku. Tikuponye m'nyanja?"

Nkhosa zonse zimakhala pamodzi kugombe, ndiye banja lililonse limadula makutu a zake mwa mtundu wakewake. Chizindikiro cha a Cutt chinali nsonga yodula kukhutu lamanzere ndi timano tiwiri kumanja, ndipo chinachokera kwa agogo awo a agogo ake. Mlongo wake yekhayo atapita ku Canada osabwerako, chizindikirocho chinagwera Sibella, pamodzi ndi lamulo lake. Lamulo ndi lakuti woweta nkhosa kugombe akhale ndi khomo lofuka utsi pachilumbapo, ndiponso azimanga chigawo chake cha mpanda nyanja ikachigwetsa. Wopanda khomo, nkhosa za chizindikiro chake zimachotsedwa.

Pa nthawi yometa ubweya chilumba chonse chimatuluka, ana ndi nkhalamba omwe, kukakusa nkhosa kuti zilowe m'makola a miyala. Agalu sathandiza, nkhosazo zimangowalumpha. Zina zimasankha nyanja m'malo mwa khola, n'kusambira kupita pa miyala ya m'madzi, ndipo madzi akadzaza pali zina zimene sizibwerako. Ena ankangoti zatha zatha. Sibella ankayenda gombe lonse masiku angapo kufunafuna zake, ndipo akaipeza itakoledwa m'ndere, ubweya ukuyandama, ankaikokera kumtunda n'kuikwirira, anthu akumuseka.

Anakwatiwa ndi Gilbert Rendall, munthu wofatsa amene anamwalira ndi chifuwa mwana wawo Mina asanayambe sukulu, koma anthu sanasiye kumutchula Cutt. Mpanda ankamanga yekha. Manja ake anali olimba, ndipo pakamwa pake panali poposa apo. Chigawo chake chinkalumikizana ndi cha msuweni wake Tammas Swanney, choncho kwa zaka makumi angapo awiriwa ankatukwanizana uku akupatsirana miyala.

"Asuweni, uwu ndi mpanda kapena mwangotaya miyala?" ankatero Tammas. "Ndikayetsemula ugwa."

"Yetsemulani tione. Wanu uja unagwa ndi mphepo ya m'mimba mwanu momwe."

"Nkhosa zanuzo makutu ngati zinalumidwa ndi makoswe."

"Bola zanga makutu amagwira ntchito. Inu muli nawo athunthu koma simumva."

Anthu ankangoseka. Koma panali chaka china chimene Tammas anatenga nkhosa yamphongo yong'ambika khutu n'kunena kuti ndi yake, ndipo ichi Sibella sanachiseke. Ankachikumbutsa pa ukwati ndi pa maliro pomwe.

Atakwana zaka makumi asanu ndi awiri, namondwe wa mu Januwale anagwetsa chigawo chake chonse, miyala mbwee mpaka m'munda. Anapita kukamanga monga mwa nthawi zonse, anaweramira mwala woyamba, chiuno n'kukana. Anamupeza atakhala m'matope, akutukwana mwalawo. Mina, amene anakwatiwa pa chilumba chachikulu ndi mlimi wa ng'ombe dzina lake Erlend Flett, anabwera pa sitima yotsatira ndipo sanafune kumva zambiri.

"Mayi, longedzani. Sindikufuna kudzamva kuti akutolani kugombe ngati ndere."

Sibella anakana mpaka Ogasiti, kenako anagonja, nyumba n'kuibweza kwa mwini malo. Za nkhosa ndiye sanagonje.

"Zisiyeni kwa ine," anatero Tammas.

"Kuti muzidule makutu? Mwalemba m'madzi. Ndipita nazo, zikadye udzu ngati nkhosa za anthu."

"Nkhosa ya kugombe sikhala pa udzu, asuweni."

"Bodza. Chaka chilichonse timalowetsa zazikazi mkati kuti ziswere pa msipu. Inafapo ndi iti?"

"Miyezi yowerengeka, kenako timazitulutsa."

"Chifukwa chiyani?"

Tammas anakanda m'mutu. "Bambo anga ankatero."

"Bambo anu ankanenanso kuti wailesi imaitana namondwe."

Anasankha zazikazi khumi ndi ziwiri ndi yamphongo imodzi, zotsalazo zinaphedwa. Tammas anathandiza kuzikweza m'sitima osamunyoza ngakhale pang'ono, chimene kwa iye chinali chachilendo.

Munda wa Erlend unali m'chigwa, komwe nyanja sioneka ndipo simveka. Mkamwiniyo anali munthu wa mtima wabwino, ndipo tsoka linagona pamenepo. Anapatsa apongozi ake dambo labwino koposa, udzu wobiriwira wofika m'maondo, ndipo madzulo aliwonse ankathira m'chodyera chakudya cha m'matumba chimene ankapatsa ng'ombe zake. Nkhosa zinanona. Ubweya unayamba kuwala, misana inadzaza. Sibella ankakhala pa mpando pachipata cha dambolo, ndodo pamwendo, akuzionerera, ndipo anali wokondwa kuposa tsiku la ukwati wake. Chimene ankalakalaka kuyambira ali mwana chinali chitachitika.

Chinthu chimodzi chokha chinkamusowetsa mtendere. Pakati pa kudya, nkhosa zonse zinkasiya udzu nthawi imodzi ngati wina waziitana, n'kuyenda mondondozana kupita pa ngodya ya kumpoto ya mpanda wa waya. Pamenepo zinkaima njo, mitu kumodzi, osalira, osabzikula. Lero zikatero m'mawa, mawa zinkachedwerako pang'ono, mkuja n'kuchedwerakonso.

"Zikupemphera, amayi," ankatero Erlend moseka. "Kapena ndi mphepo."

"Mphepo iti? Utsi wa kukhitchini ukukwera njo."

"Nanga ndi chiyani?"

Sibella ankadziwa. Inali nthawi imene nyanja ikuphwa kwawo, ndipo nayenso ankaimva m'mafupa, miyendo kufuna kunyamuka popanda kopita.

Yoyamba inafa chisanu chitangoyamba, ndipo inali yonona koposa zonse. Dzulo lake inadya bwinobwino. M'mawa anaipeza itagunditsa mphumi pa mtengo wa waya, ikupuma movutika. Atakweza chikope, diso linali lachikasu ngati batala. Pansi pake, pa chisanu choyera mbee, panali mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Pofika masana inali itauma. Panalibe bala, panalibe chotupa, ndipo galu sanaiyandikire.

Sabata yotsatira zinafa ziwiri, ndipo Khirisimasi itadutsa inafa yamphongo. Nthawi zonse imfa inkasankha yokongola, zinzake n'kuilambalala kupita kukaima pa ngodya paja ngati palibe chachitika. Sibella anayamba kuopa kutsegula chitseko m'mawa. Ankazigwira imodziimodzi kuziyang'ana m'maso, n'kumathokoza Mulungu akapeza oyera.

Erlend anaitana dotolo wa ziweto, a Harcus, bambo wodekha wonunkha fodya wa kaliwo. Anang'amba nkhosa yachisanu pa thebulo la m'khola Sibella ali pomwepo. Chiwindi chinali chachikasu, chofewa. Impso zinali bii ngati makala onyowa.

"Mumazipatsa chiyani?" anafunsa a Harcus.

Erlend anabweretsa thumba. Iwo anawerenga zolembedwa pathumbapo, n'kupukusa mutu.

"Ndi mkuwa, mayi. Chamoyo chilichonse chimafuna kamkuwa pang'ono m'thupi, ndipo chimakapeza m'chakudya. Mu udzu ulimo wokwanira, m'thumba umu anawonjezeramo dala chifukwa ng'ombe zimaufuna. Koma m'ndere ngwovuta kuupeza. Nkhosa zanuzi thupi lake limagwira kalikonse kamene lapeza, silitaya. Mukazisiya pa udzu osazitulutsa, chiwindi chimangosunga, kusunga, kunja zikuoneka zonona, mpaka tsiku lina chimakhuthulira zonse m'magazi."

"Ndiye kuti zinaphunzira kudya ndere," anatero Sibella. "Ziphunziranso udzu. Si zopusa."

"Palibe inaphunzira, mayi. Mpanda wanu uja utangomangidwa, nkhosa sizinali chonchi zonse. Zimene thupi lake silinkatha kugwira mkuwa wochepawo zinkaswa ana opuwala, ana n'kufa. Zimene zinkatha zinatsala n'kuswana, ndipo mwa ana awo zinatsalanso zotha koposa. Chaka ndi chaka gombe lakhala likusankha. Izi ndi zidzukulu za zotsala. Mpandawo ukadzaima zaka zikwi zambirimbiri, mwina zidzasanduka mtundu wina, wosaswana n'komwe ndi nkhosa za kuno."

Sibella anayang'ana nkhosa ija pa thebulo. Ankaganiza za zaka zoyambazo, zimene palibe anamufotokozerapo: ana a nkhosa akudzandira pa miyala, mitembo m'munsi mwa mpanda, makolo ake ali mkati akumva, osatsegula. Nkhosa iliyonse imene anaigwirapo pa moyo wake inachokera m'maliro amenewo.

"Ndizibweze kwathu?"

"Zadzaza kale. Mantha a m'sitima okha angathe kuzitsiriza. Zichotseni pa udzu lero lomwe."

A Harcus atapita, Erlend anaima pakhomo la khola, thumba lija lili m'manja.

"Ndazipha ndine, amayi."

"Khalani chete, inu. Mumadziwa ng'ombe. Amene ankati akudziwa nkhosa ndi ine."

Choncho nkhalambayo inatsekera nkhosa zake m'bwalo la miyala kuseri kwa khola, momwe simumera kanthu. Erlend ankapita ndi thirakitala kunyanja kukatola ndere, ndipo Sibella ankazikankha pa wilibala, chiuno chikulira. Nkhosa zinazilandira ngati zinasiyana nazo dzulo. Koma zinapitiriza kufa. Pofika Epulo kanatsala kamodzi, kakang'ono kotuwa ka nyanga yothyoka, kamene zinzake zinkakakankha pa chodyera chija nthawi zonse. Mu Meyi kanaswa kamwana kakakazi, kakuda bii, n'kukayamwitsa masabata ochepa. Kenako m'mawa wina maso a make anali achikasu.

Kamwanako Sibella anakalera ndi botolo. Kankamutsata paliponse, kankagona pa mapazi ake. Mwa nkhosa zonse za a Cutt kanatsala ndi komweka pa dziko lonse, koma makutu ake anali athunthu. Nthawi yodula inafika n'kupita.

"Mayi, kadulenitu," ankatero Mina. "Aka kabadwira kuno, kazolowera udzu wa kuno."

Sibella anafunsa a Harcus pamene anabwera kudzaona ng'ombe. Iwo anakana.

"Make mbuu, mwana mbuu. Chiwindi katengera kwa make, ngakhale kakanabadwira ku London."

Iye anali atadziwa kale. Kankatulutsa mutu pa mpata wa chipata kufuna udzu, iye n'kukamenya pamphuno, kakulira, nayenso misozi ili m'maso. Ndipo tsiku lina masana, kuli zii, kanasiya botolo lisanathe n'kupita pa ngodya ya kumpoto ya bwalolo. Kanaima pamenepo kuyang'ana khoma. Nyanja kanali kasanaionepo.

Sibella akanakadula chizindikiro cha bambo ake, kugombe sakanakalola, chifukwa a Cutt analibenso khomo lofuka utsi. Kakanakhala m'bwalo la miyalalo kudikira ndere za pa wilibala, kokhakokha, mpaka tsiku limene Erlend akanatopa kapena iye akanagona osadzuka. Anaziganizira izi miyezi yonse yofunda, ndipo mtima unkamupweteka kwambiri. Mu Ogasiti, pa nthawi imene kwawo amatulutsa ana a nkhosa kugombe, anakwera sitima, kamwanako kali m'bokosi la matabwa, iye akukaphimba kumaso ndi mpango kuti kasachite mantha.

Chilumba chinali mu nkhungu. Tammas anali padoko, atawerama kuposa kale.

"Ehe, kwanu n'kwanu! Zili kuti nkhosa zija, zodya ngati za anthu?"

"Mukudziwa kale. Musandinyoze lero."

Tammas anavula chipewa, chinthu chimene sanamuchitirepo. Anasenza bokosilo, n'kuyenda naye pang'onopang'ono mpaka pa chipata cha mpanda, pamene kale panali chigawo cha Sibella. Chinali chomangidwa bwino, ndipo iye anazindikira dzanja la msuweni wake.

Tammas anatulutsa kamwanako, anakayang'ana mano, anakagwira pamsana, kenako anafika pa makutu n'kuima.

"Athunthu? Mwakalamba mpaka kuiwala chizindikiro cha amalume?"

"Sindinaiwale. Dulani chanu."

"Asuweni..."

"Mwagontha? Munkafuna nkhosa yanga zaka zonsezi, nayi."

"Ndidule chanu basi. Ndani awerenge makutu mu nkhungu ngati ino?"

"Adzawerenga pometa ubweya, n'kukachotsa. Ndiye ndidzakhala ndakapha kawiri. Dulani."

Sibella anakhala pa mwala, n'kukapanikiza pakati pa maondo, mutu wake uli m'manja. Tammas anangokanda khutulo ndi nsonga ya mpeni.

"Mozama, inu! Wina asadzakayikire kuti n'kanu."

Anadula. Kanalira kamodzi, magazi anadonthera pa siketi ya Sibella, ndipo iye anakagwirabe kwa kanthawi, akukapukuta ndi chala. Kenako anauza Tammas kuti atsegule.

Nyanja inali ikuphwa. Kamwanako kanaima pa miyala yonyowa, kakunjenjemera, kakununkhiza. M'nkhungumo munatuluka mitu, umodziumodzi, yotuwa, yakuda, ya nyanga, yonse chete. Sibella anali ndi botolo m'thumba la jekete. Analitulutsa n'kuligogoda ndi chikhadabo, kuti kamuyang'ane kamodzi kokha. Kanatembenuza khutu lodulidwalo, koma mutu ayi. Nkhosa zija zitayamba kutsika, nako kanatsika.

"Tiyeni mukamwe tiyi," anatero Tammas.

"Sitima sidikira munthu."

Koma sanasunthe. Moyo wake wonse ankatha kuloza nkhosa yake ili kutali pakati pa mazana, ndipo anayesa kutero tsopano, atagwira chipata ndi manja onse awiri. Anakaona, anakataya, anakaonanso. Kenako zonse zimene ankaziona zinali za a Swanney ndi za anthu ena.